Mpanda wa Manda a ku Leith: Usungidwe Momwe Ulili Kapena Upatuke?

Mu 2020 amisiri anaphwasula chigawo cha mpanda wa miyala womwe unakhala chiimire kwa zaka pafupifupi 230 m'mbali mwa msewu wa Constitution Street ku Leith, doko la mzinda wa Edinburgh ku Scotland. Mpandawo umazinga manda a tchalitchi cha South Leith Parish Church ndipo unamangidwa cha m'ma 1790. Anauchotsa mosamala, n'cholinga choti adzaumangenso pamalo pomwepo koma pa maziko olimba, chifukwa mumsewumo munkadutsa njanji ya sitima zamagetsi zija amati tram, yopita ku Newhaven. Njanjiyo inayamba kugwira ntchito pa 7 Juni 2023, ndipo mpanda unabwerera pamalo pake.

Koma chimene chinagwira anthu mtima pa ntchitoyi chinali pansi pa msewu. Akatswiri ofukula zakale atakumba kunja kwa mpanda, pomwe pankadutsa mabasi tsiku ndi tsiku, anapeza mafupa a anthu oposa 350 omwe anaikidwa pakati pa zaka za m'ma 1300 ndi 1650. M'mbuyomo, mu 2008 ndi 2009, anali atafukulanso ena pafupifupi 400 mumsewu womwewo. Manda akale anali otambalala kuposa momwe mpanda ukuonetsera lero. Msewu utalambulidwa, mpanda watsopano unatsekera ena mkati, ena n'kuwasiya kunja. Amkatiwo manda awo akulemekezedwa mpaka pano. Akunjawo anaiwalika, pamwamba pawo panadutsa ngolo za akavalo, kenako magalimoto, ndipo pakati pawo anthu anakumba ngalande zoikamo mapaipi.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani imodzi yomweyi imapatsa mphamvu anthu a maganizo awiri osiyana. Ofuna kuti mipanda yakale isakhudzidwe amati: mwaonatu, pomwe mpanda wathera m'pomwenso ulemu wa akufa wathera, ndiye mukausuntha mwasuntha chitetezo chawo. Ena amati: mwaonatu, mpanda womwe mukuulemekezawo unamangidwa ndi anthu omwe sanaope kudutsitsa msewu pamwamba pa manda chifukwa tauni yawo inkakula, nanga ife a lero tiletsedwa bwanji kuchita zomwe amoyo akufunikira? Onse awiri akunena zoona, ndipo m'pomwe pavutira nkhaniyi.

Lamulo la ku Scotland limatsamira kwa oyambawo. Bungwe la Historic Environment Scotland limasunga kaundula wa zomanga zotetezedwa, zomwe zilipo pafupifupi 47,000, zogawidwa m'magulu A, B ndi C. Za gulu A, zomwe ndi zofunika koposa, sizifika ngakhale chimodzi mwa khumi zilizonse, ndipo tchalitchi cha South Leith pamodzi ndi manda ndi mipanda yake zili m'gulu limeneli. Kugumula kapena kusintha chomanga chotere popanda chilolezo ndi mlandu. Munthu wongomva kumene angadabwe kuti khoma lopanda denga, lomwe simugona munthu, lipatsidwa bwanji ulemu wofanana ndi nyumba yopemphereramo. Yankho lake limapezeka mukafunsa chomwe khomalo linamangidwira.

Taonani manda a St Cuthbert's, kumunsi kwa thanthwe pomwe pali Edinburgh Castle. Mu 1738 mpanda wake unakwezedwa kufika mamita 2.4, ndipo sichinali chifukwa chokongoletsa. Edinburgh inali yotchuka pa maphunziro a udokotala, aphunzitsi ankafuna mitembo yophunzitsira, koma lamulo linkalola yochepa kwambiri. Choncho panabuka anthu ofukula maliro usiku n'kukagulitsa. Achibale ankachezera pamanda kulondera wokondedwa wawo mpaka thupi litaonongeka moti silingagulitsidwenso. Mu 1827 anamanganso nsanja ya alonda pangodya ya mandawo, ndipo ilipo mpaka lero. Chaka chotsatira mzinda unagwedezeka ndi nkhani ya William Burke ndi William Hare, omwe sankavutika n'kufukula koma ankapha anthu n'kugulitsa mitembo yawo, ndipo mu 1832 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano lomwe linathetsa malonda oipawo. Kutalika kwa khoma la St Cuthbert's ndi umboni wa mantha a mabanja a nthawi imeneyo. Mukalifupikitsa kuti odutsa aziona bwino mkati, mwafafaniza umboni womwe munthu angauyeze ndi thupi lake ataima pambali pake.

Ku manda a Greyfriars, mu Edinburgh momwemo, nkhani ndi yozama kuposa apa. Malowa anaperekedwa kuti akhale manda mu 1562, m'nthawi ya mfumukazi Mary Queen of Scots, ndipo m'mandamo muli chigawo cha linga la mzinda lotchedwa Flodden Wall, lomwe linamangidwa Scotland itagonja pa nkhondo ya ku Flodden mu 1513. Mu 1638 m'tchalitchi cha pamalopo munasainidwa pangano la National Covenant, ndipo mu 1679 anthu oposa 1,000 otsatira panganolo, omwe anagwidwa pa nkhondo ya ku Bothwell Bridge, anatsekeredwa pabwalo lozingidwa ndi makoma moyandikana ndi mandawo, ena kwa miyezi ingapo. Bwalolo pambuyo pake linasanduka gawo la manda. Kuonjezera apo, mabanja olemera a m'zaka za m'ma 1600 ankamanga ziliza zawo zikuluzikulu motsamiritsa kukhoma. Khoma ndi chiliza zinalowana, moti simungagwetse chimodzi chinzake n'kutsala chili bwino. Pamalo ngati apa palibe wanzeru amene anganene kuti mpanda uchoke, ndipo mkangano suli pano ayi.

Mkangano uli pa mipanda wamba, yomwe ilipo yochuluka m'matauni ndi m'midzi ya ku Scotland, yomangidwa ndi miyala yosasema bwino, yopanda nkhani ya nkhondo kapena ya mfumu. Ndipo nthawi zambiri umayambira pachipata.

Nsanamira ziwiri za miyala za pachipata ndiye gawo lomwe mmisiri ankaonetsapo luso lake lonse. Khoma likhoza kukhala la miyala yotoledwa m'munda, koma nsanamira zinkamangidwa ndi miyala yosemedwa mwamakona, yolumikizana mothina, pamwamba n'kuikapo mwala wotambalala ngati chisoti, nthawi zina wokhala ndi mpira wamwala pansonga. Pakati pa nsanamirazi m'pomwe bokosi la maliro linkalowera, m'pomwenso akwati ankatulukira. Mukayandikira mudzaona zinthu zingapo. Pomwe chitsulo cha geti chinalowetsedwa m'mwala pamakhala mng'alu wotsika pansi, chifukwa chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba mwala kuchokera mkati. Cham'munsi, mbali yoyang'ana kumsewu, mwala umakhala wonyenyeka chifukwa cha madzi othovukira kuchokera kumatayala osakanikirana ndi mchere womwe amawaza m'misewu nyengo yozizira. Pamwamba pa makoma aafupi ambiri mudzaona timizere ta tizitsa tachitsulo todulidwa: amenewo ndi malo a mipiringidzo yomwe inadulidwa m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma litalamula kuti zitsulo zisonkhanitsidwe. Yambiri mwa mipiringidzoyo sinabwezeretsedwe, ndipo anthu akudandaula mpaka pano. Oteteza mipanda amaloza tizitsato n'kunena kuti chochotsedwa mofulumira pa chifukwa chooneka chomveka sichibwerera.

Komabe chipata chomwecho chinayezedwa pa ngolo ya akavalo. Galimoto yonyamula maliro ya masiku ano, makina okumbira manda, galimoto ya amisiri odzakonza denga la tchalitchi, zonsezi zimafuna malo okulirapo, ndipo dalaivala akangophonya pang'ono nsanamira imapendekeka. Zipata zina zili ndi masitepe atatu kapena anayi, moti gogo woyenda pa njinga ya olumala, yemwe mwamuna wake wagona m'mandamo, amathera kunja. Apa sindingaime ndi mwala. Ngati chipata chikuletsa wamasiye kukafika pamanda a mwamuna wake, ndiye kuti chalephera ntchito yomwe chinamangidwira, kaya chikhale chokongola chotani. Mwamwayi, nthawi zambiri njira imapezeka yosaononga zambiri: kuboola khomo lina laling'ono pambali pomwe nthaka ndi yosalala, kapena kuphwasula nsanamira imodzi n'kuimanganso chapatali pang'ono ndi miyala yake yomwe. Oumirira kuti ngakhale zimenezi zisachitike amaipitsa mbiri ya ntchito yonse yosunga zakale.

Palinso nkhani ya ndalama, ndipo ofuna kusintha ali ndi mfundo yolemera pano. Ambiri amaganiza kuti manda ozungulira tchalitchi ndi a mpingo. Ku Scotland sizili choncho kwa manda ambiri a maparishi: lamulo la mu 1925 linawachotsa m'manja mwa eni minda akuluakulu, omwe kale ankasamala tchalitchi ndi manda, n'kuwapereka ku makhonsolo. Lero khonsolo imodzi ya kumudzi imatha kukhala ndi manda ambirimbiri oti iyang'anire, aliwonse ndi mpanda wake, pomwe thumba lomwelo ndi lolipirira sukulu, misewu ndi chisamaliro cha okalamba. Kukonza khoma lotetezedwa sikutchipa. Pamafunika katswiri woyeza, chilolezo, miyala yofanana ndi yakaleyo pomwe migodi yambiri yomwe inkatulutsa miyalayo inatsekedwa kalekale, ndiponso amisiri odziwa ntchito ya laimu omwe ndi ochepa. Ngati kuseri kwa khomalo kuli maliro, pamafunikanso ofukula zakale komanso chilolezo cha khoti asanasunthe mafupa. Khansala amene wasankha kukonza denga la sukulu m'malo mwa khoma la manda a anthu omwe adzukulu awo anasamukira ku Canada zaka 150 zapitazo sitingamutchule wopanda ulemu. Ngakhale ku Edinburgh komwe, mzinda womwe pakati pake panalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1995, manda asanu akale, a Greyfriars, Canongate, St Cuthbert's, Old Calton ndi New Calton, anaikidwa ndi bungwe la World Monuments Fund pa mndandanda wa malo omwe ali pachiopsezo mu 2010. Ngati a mumzinda wodzaza alendo anafika pamenepo, nanga a kumudzi?

Ndalama zikasowa, chotsatira ndi ngozi. Ambiri sazindikira kuti khoma la manda akale si longozinga chabe. Kwa zaka mazanamazana maliro akhala akuikidwa pamalo amodzimodzi, nthaka ya mkati n'kumakwera, moti mukaima kumsewu khoma limakupitirirani mutu, koma mukaima mkati limakulekezani m'chiuno. Khoma lomwe linamangidwa kuti liletse ng'ombe ndi nkhosa tsopano likuchirikiza dothi lolemera, lonyowa ndi mvula ya ku Scotland, ndi mizu ya mitengo ikukankha kumbuyo. Limayamba kutuluka mimba, kenako usiku wina wamvula limagwera kumsewu. Ku Ludlow, ku England, chigawo cha linga lakale la tauni lomwe limachirikiza manda a tchalitchi cha St Laurence chinagwa mu Febuluwale 2013, ndipo panadutsa zaka zoposa khumi akuluakulu akulozana zala kuti woyenera kukonza ndani. Ku Glasgow mu 2015 mwana wa zaka zisanu ndi zitatu anamwalira chiliza chitamugwera m'manda a Craigton. Icho chinali chiliza, osati khoma, koma kuyambira pamenepo palibe khonsolo ya ku Scotland yomwe ingaone mwala wopendekeka m'manda n'kungoti tidzaona mawa. Kholo lomwe mwana wake amadutsa pansi pa khoma lotuluka mimba popita kusukulu likati ligwetsedwe, yankho loti khomalo ndi la m'gulu B silingamukhutitse, ndipo siliyenera kumukhutitsa.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya ofuna kusintha, m'kuona kwanga, ili pa phiri la Calton Hill, mu Edinburgh momwemo. Manda a Old Calton anatsegulidwa mu 1718, ndipo ndimo momwe munaikidwa katswiri wa nzeru David Hume, m'nyumba yozungulira yomwe anaikonza Robert Adam. Pakati pa 1815 ndi 1819 mzinda unalambula msewu wa Waterloo Place, womwe unadula mandawo pawiri. Mitembo yomwe inali m'njira inasamutsidwira ku manda atsopano a New Calton, ndipo m'mbali mwa msewu munamangidwa khoma lalitali lokongola lomwe anakonza Archibald Elliot. Khoma limenelo, lomwe linabadwa chifukwa chodula manda, lero ndi lotetezedwa ndipo alendo amalijambula. Ndiye kuti zina zomwe tikuziteteza mwansanje lero zinali zatsopano zosokoneza m'nthawi yake. M'badwo uliwonse unagwetsa, unasuntha, unamanga. Kunena kuti m'badwo uno wokha ndiye usakhudze kanthu n'kuupatsa katundu yemwe makolo ake sanasenze.

Koma tiione bwino nkhani ya Old Calton isanatitenge. Omanga Waterloo Place anasamutsa maliro, n'kumanga khoma loposa lomwe analipeza. Omanga Constitution Street kalelo anasiya anthu mazana angapo pansi pa msewu. Kusintha kulipo kuwiri, ndipo chomwe chimasiyanitsa n'chakuti osinthawo analemekeza malire a akufa kapena ayi. Kwathu kumudzi malire a manda ndi mitengo, ndipo tonse tikudziwa kuti nkhalango ya kumanda ikayamba kudulidwa, khasu la wolima moyandikana limalowa mzere umodzi chaka chilichonse. Ku Scotland ntchito ya mitengoyo imagwiridwa ndi miyala. Bola mpanda ulipo, wokonza mapu a msewu kapena malo oimika magalimoto amadziwa poti alekeze.

Nanga khoma la ku Leith, lomwe linaphwasulidwa n'kumangidwanso, likadali lakale? Okonda zakale ena amati ayi: matope omangira ndi atsopano, maziko ndi atsopano, manja omwe anayala miyala ndi a lero, choncho chatsalapo ndi chifanizo chabe. Akunena zoona kuti china chinatayika, ndipo n'chifukwa chake kuphwasula kuyenera kukhala njira yomaliza, zina zonse zitakanika. Koma khoma la miyala silinakhalepo chinthu chomangidwa kamodzi basi. Amisiri akhala akulimata, kusintha mwala wosweka, kukweza pomwe patitimira, m'badwo ndi m'badwo. Khoma la ku Leith likuimabe pamzere wake, likuonetsabe pomwe manda ayambira, ndipo silikuopseza odutsa. Anthu a ku Leith ndi Newhaven anapeza sitima yawo, ndipo omwe anaiwalika pansi pa msewu anafukulidwa ndi manja osamala m'malo mophwanyidwa ndi makina. Zimenezi zinatheka chifukwa lamulo linakakamiza, komanso chifukwa ntchito ya ndalama zoposa mapaundi 200 miliyoni inali ndi thumba lokwanira kulipira. Popanda chitetezo cha gulu A, sindikhulupirira kuti womanga njanji aliyense akanadzipatsa yekha ntchito yodula chonchi.

Chomwe mbali zonse ziwiri sizikamba mokwanira n'chakuti makoma ambiri sagwetsedwa ndi njanji kapena misewu. Amaonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha kulekerera, ndipo ena amaonongedwa ndi okonza omwe. Makoma akalewa anamangidwa ndi matope a laimu, omwe ndi ofewa kuposa mwala ndipo amalola chinyezi kutuluka. M'zaka za m'ma 1900 amisiri ambiri anayamba kumata mipata ya pakati pa miyala ndi simenti, poti imauma msanga ndiponso imaoneka yolimba. Simenti imatsekera madzi mkati. Madziwo amafuna potulukira, amadutsa m'mwala momwe, ndipo kukazizira amaundana n'kusupula nkhope ya mwalawo. Pakapita zaka mumaona mizere ya simenti itatsala yotumphuka, mwala utadyeka n'kulowa mkati, moti mukaukhudza ndi chala mchenga umayoyoka. Mwala wapamwamba umodzi ukasunthika, mvula imalowa pakati pa khoma n'kukokolola matope. Kamtengo kakamera pamng'alu, chaka choyamba mungakazule ndi dzanja, koma pakatha zaka khumi kamakhala katang'amba khoma. Kubwezera mwala wapamwamba, kuzula zomera zoyanga ndi timitengo, kutsegula timabowo totulutsira madzi, kupaka penti pa zitsulo za geti, zonsezi ndi ntchito zazing'ono zomwe mtengo wake sungafanane ndi womanganso khoma lakugwa. Vuto n'lakuti ndalama zimapezeka mosavuta chinthu chikagwa n'kutseka msewu kusiyana ndi pomwe chikungofuna kumatidwa, ndipo lamulo loteteza limaletsa mwini kusintha khoma mosaloledwa koma lilibe mano okwanira omukakamiza kulisamala chaka ndi chaka.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ndikuima ndi osunga mipanda, koma osati ndi onse a iwo. Mzere wa mpanda wa manda usasunthidwe pokhapokha ngati palibiretu njira ina, ndipo ukasunthidwa, maliro omwe akhudzidwa asamutsidwe mwaulemu monga zinachitikira ku Old Calton, pa ndalama za wofuna malowo. Miyala yake isatayidwe, ndipo nsanamira za pachipata zikhalebe. Koma khomo la munthu wolumala liboledwe popanda kumuyendetsa m'maofesi zaka zambiri, ndipo khoma lomwe akatswiri atsimikiza kuti likugwa liphwasulidwe n'kumangidwanso ndi laimu lisanapweteke munthu. Makhonsolo a ku Scotland, omwe lamulo la 1925 linawasiyira manda amenewa, aike m'bajeti ya chaka chilichonse ndalama zoyendera ndi kumata makomawa, ndipo mipingo ndi anthu okhala pafupi awakumbutse makoma akadali chiimire.